Kubzala mitengo m'mbali mwa msewu wa m'tauni yanu kuti ipulumuke chilimwe choyamba

Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. M'miyezi imeneyi simusowa gulu la achinyamata, mpingo, kalabu ya pasukulu kapena komiti ya msika itatuluka ndi mbande kukabzala m'mbali mwa msewu. Kubzalako timakutha. Chimatikanika n'choti mitengoyo ifike mvula ina ili yamoyo. Mukadutsa pa msewu womwewo mu Okutobala mumangopeza timaenje, mwina ndi kaphesi kouma komwe mbuzi zinasiya.

Mtengo wa pamsewu umakumana ndi zomwe wa m'nkhalango ya mudzi sukumana nazo. Dothi lake ndi logoma chifukwa chopondedwa, mbuzi zimadutsa tsiku ndi tsiku, ena amawotcherapo zinyalala, ndipo aliyense amayesa wothirira ndi mnzake. Malangizo awa ndi a gulu la anthu wamba pa tauni yaing'ono kapena pa msika waukulu, monga Balaka, Liwonde, Mponela kapena Luchenza. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: bzalani mitengo yokhayo yomwe mwaipezera mpanda, madzi ndi munthu woiyang'anira. Ngati zimenezi zikukwanira mitengo 40, bzalani 40, ngakhale wina atakupatsani mbande 1,000 zaulere.

Zofunika kukonzeratu

- makasu, piki ndi fosholo (m'mbali mwa msewu khasu lokha silikumba)
- chingwe choyezera ndi zikhomo
- wilibala, ndowa kapena zigubu za malita 20
- manyowa owolerana bwino, ndowa imodzi pa dzenje lililonse
- nsungwi, bango kapena njerwa zomangira mipanda, ndi luzi kapena waya
- mphira wodulidwa ku chubu chakale cha njinga
- lezala kapena mpeni wakuthwa, ndi sowo yaing'ono
- udzu wouma kapena makoko a mtedza ophimbira
- phulusa
- kope lolembamo mitengo ndi eni ake
- mbande, kuphatikizapo zapadera zodzabwezeretsera zomwe zafa

Musanakumbe dzenje ngakhale limodzi

1. Pemphani chilolezo. Malo a m'mbali mwa msewu ali ndi eni ake. Pa misewu ikuluikulu ngati M1, malo a msewu amafika mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse, ndipo amayang'anira ndi a Roads Authority. Timisewu ta m'kati mwa tauni tili m'manja mwa khonsolo. Yambirani kwa khansala wanu ndi amfumu, kenako mukaonane ndi a zomangamanga ku khonsolo ndi a ofesi ya zankhalango ya boma lanu. Funso loti musaiwale ndi lakuti: kodi msewu uno udzakuzidwa, ndipo ngalande yake idzadutsa pati? Mu 2021 mitengo yambiri ikuluikulu inagwetsedwa m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe pokuza msewuwo. Mthunzi womwe unatenga zaka zambiri kuti ukhalepo unatha m'masabata ochepa. Ngati akuuzani kuti msewu wanu uli pa mndandanda wokuzidwa, sunthirani mzere wanu kumbuyo.

Chenjezo: chilolezo chapakamwa chimatha woperekayo akasamutsidwa. Pemphani kakalata kodinda, mukasunge m'kope lija.

2. Yendani msewu wonse ndi zikhomo. Pitani ndi munthu wa ku ofesi ya madzi ya m'dera lanu kapena mmisiri wodziwa momwe mapaipi anadutsa. Yang'anani kumwamba kaye, kenako pansi. Pansi pa mawaya a ESCOM musaikepo chikhomo, chifukwa mtengowo ukadzafika pa mawaya adzaudula mutu, ndipo sadzalakwa. Talikirani ngalande ndi mapaipi ndi mamita osachepera 2, khoma la nyumba kapena la sitolo ndi mamita 5 kapena kuposa ngati mtengowo ndi waukulu. Pa mphambano ndi pokhota siyani mamita 10 mpaka 15 opanda mtengo, kuti woyendetsa galimoto azimuona mwana wodumpha msewu. Musatseke khomo la sitolo kapena polowera ngolo ndi malole. Mitengo yotambalala italikirane mamita 8 mpaka 10. Yocheperapo monga keshya ingathe kutalikirana mamita 5 kapena 6.

Chenjezo: mbande ikakhala m'manja imaoneka yaing'ono ndipo mtima umafuna kuthithikiza. Yezani ndi chingwe, osati ndi maso.

3. Mtengo uliwonse upezereni mwini wake. Pa masitepe onse, apa ndi pomwe ndikupempha kuti mutayepo nthawi yochuluka, ngakhale mwezi wathunthu. Chikhomo chilichonse chili kutsogolo kwa munthu: mwini golosale, telala, mayi wogulitsa mandasi, wometa, wowotcherera zitsulo, a kabaza pa siteji yawo, banja lokhala pamenepo, sukulu, mzikiti, tchalitchi. Pitani kwa aliyense, mukhale pansi, mumufunse ngati akuufuna mtengo pamenepo ndiponso ngati adzatha kuupatsa ndowa imodzi kapena ziwiri za madzi pa sabata kuyambira Meyi mpaka mvula itagwa. Muloleni asankhe yekha mtundu pa mitengo iwiri kapena itatu yomwe mwakonza. Munthu amene wadzisankhira mtengo amauthamangitsira mbuzi. Akakana, musakakamize, zulani chikhomocho mupite patsogolo, chifukwa mtengo wobzalidwa pakhomo pa munthu wosaufuna sukhalitsa.

Onani masamu ake. Mitengo 40 pa malita 20 umodzi ndi malita 800 pa sabata. Komiti ya anthu asanu imatopa nawo isanathe miyezi iwiri, makamaka komwe madzi ndi ogula pa kiyosiki kapena mzere wa pamjigo ndi wautali. Koma anthu 40, aliyense ndi ndowa yake pakhomo pake, sawaona kulemera.

Lembani m'kope nambala ya mtengo, mtundu wake, pomwe uli ndi dzina la mwini wake. Malo opanda khomo la munthu, monga pafupi ndi bwalo la mpira, apatseni gulu lodziwika lomwe lili ndi mtsogoleri woti mungamufunse. Ngati palibe, malowo adikire chaka china.

Kusankha mitengo ndi mbande

4. Sankhani mtundu woyenera malowo. Msikidzi ndi umene ndimauika patsogolo: umakhala ndi masamba pafupifupi chaka chonse, mthunzi wake ndi wothithikana, ndipo suthamangira kutalika mopitirira. Mbawa ndi wokongola ndipo umakhala zaka zambiri, koma umatha kupitirira mamita 30, choncho ubzalidwe pokhapo pomwe pali danga lenileni, kutali ndi mawaya ndi madenga. M'madera otentha monga Balaka, Salima, Chikwawa ndi Nsanje, nimu amapirira dzuwa ndi chilala kuposa mitengo yambiri, koma kumalo ozizira ngati Dedza samakula bwino. Keshya amakula msanga, chiswe sichimuvutitsa kwenikweni ndipo mbuzi sizimukonda ngati mitengo ina. Ndi wabwino pomwe anthu akufuna kuona mthunzi m'zaka zochepa. Mtangatanga umakulanso msanga, koma mbuzi zimaudya kwambiri ukadali waung'ono ndipo umayoyola masamba m'chilimwe, nthawi yomwe mthunzi ukufunika. Pamalo a chinyontho, katope kapena mwimbi amachita bwino.

Ina ndi yabwino kwina koma osati pamsewu. Kachere ndi mkuyu mizu yake imang'amba ngalande, maziko ndi zimbudzi. Bulugamu amagwetsa nthambi zikuluzikulu, amamwa madzi ambiri, ndipo akangowongoka wina amaona mlongoti. Mango ndi mapeyala abzalidwe m'mabwalo a sukulu ndi kuseri kwa nyumba: pamsewu wodutsa magalimoto, zipatso zimakokera ana kugenda ndi kukwera pamalo oopsa.

Musabzale mtundu umodzi msewu wonse. Matenda kapena tizilombo tikaugwira, mudzataya yonse nthawi imodzi.

5. Pezani mbande zolimba. Ngati mukufesa nokha, nazale iyambe pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Mbewu mungafunse ku ofesi ya zankhalango, ku bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba, kapena kutola pansi pa mitengo yathanzi ya kwanuko. Mbewu za mbawa, msikidzi ndi nimu sizichedwa kufa mphamvu, choncho zifesedwe zikadali zatsopano. Za keshya ndi mtangatanga zili ndi chikopa cholimba: zitemeni pang'ono m'mphepete ndi chodulira zikhadabo, kapena ziviikeni usiku umodzi m'madzi otentha omwe mwawaphula pamoto.

Ngati mukugula, musatengeke ndi kutalika. Mbande yabwino ndi ya tsinde lokhuthala lomwe layamba kukhwima, yotalika masentimita 30 mpaka 60, ya masamba obiriwira opanda mawanga. Nyamulani chubu muone pansi. Mizu ikakhala kuti inatulukira n'kulowa m'dothi la nazale, mbandeyo yaduka muzu poizula ndipo idzafota. Kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti mubzale, chotsani mthunzi wa nazale ndipo chepetsani madzi, kuti mbande zizolowere dzuwa lomwe zikalipeze kumsewu.

Maenje ndi mipanda

6. Kumbani maenje mvula yoyamba ikangofewetsa nthaka. Dzenje la masentimita 30 mbali zonse lomwe timakumba kumunda ndi laling'ono pa dothi logoma la pamsewu. Kumbani masentimita 60 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kuya. Dothi lapamwamba liunjikeni mbali imodzi, lapansi mbali ina. Tolani miyala, zidutswa za njerwa, majumbo ndi magalasi, zomwe m'tauni sizisowa. Temani pansi ndi m'mbali mwa dzenje ndi piki kuti mizu idzapeze polowera. Sakanizani dothi lapamwamba ndi ndowa ya manyowa, mubwezere m'dzenje, lapansi libwere pomaliza, n'kubwezera chikhomo pakati.

Chenjezo: ndowe zaziwisi kapena zitosi zosawola zimawotcha mizu ndi kuitana chiswe. Ndipo dzenje lisagone lotsegula m'njira ya anthu. Wina akathyokeramo mwendo usiku, ntchito yonse idzadedwa. Kumbani ndi kukwirira tsiku lomwelo.

7. Mangani mpanda mbande isanabwere. Ambiri amati tibzale kaye, mipanda tidzamanga sabata yamawa. Mbuzi imamaliza mbande m'kamphindi, ndipo nsonga ikadyedwa kawiri kapena katatu mtengowo umapinimbira ngakhale usafe. Zikani mitengo inayi mozungulira dzenje, motalikirana mita imodzi, yotsala mita imodzi ndi theka pamwamba pa nthaka, poti mbuzi imaima ndi miyendo yakumbuyo n'kusuzumira. Wauleni kumunsi kwake pamoto musanazike kuti chiswe chisaimalize msanga. Lukani nsungwi zong'amba kapena bango mothithikana kumunsi, komwe ana a mbuzi ndi nkhuku amalowera, koma pasakhale potsekeratu: mbande ikufuna dzuwa ndi mphepo. Mbali imodzi ikhale yomasula popalira.

Komwe njerwa n'zosavuta, mpanda wozungulira wa njerwa zosiya mipata, zomangidwa ndi dothi, umakhalitsa kuposa wa nsungwi ndipo palibe amautenga kukasonkhera moto. Waya wa sefa ndi wabwino koma umabedwa ngati suli pakhomo pa munthu. Tayala lakale lokha silitchinga mbuzi. Nthambi za minga zimathandiza, koma osati pomwe ana amadutsa opanda nsapato. Ndipo musakagwetse mitengo ya m'phiri kuti mutchingire mbande. Nsungwi, bango ndi nthambi zodulira pa mitengo ya pakhomo n'zokwanira.

Tsiku lobzala

8. Dikirani mvula ikhazikike, nthaka inyowe mpaka pansi pa dzenje. Kumadera ambiri nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Disembala mpaka Januwale. Ngakhale nyengo yobzala imafika mu Epulo, mtengo wa pamsewu wobzalidwa Febuluwale atapita pakati umapeza chilimwe mizu isanazame. Ngati mukufuna mwambo wokhala ndi alendo, tsiku lake litsatire mvula, osati mvula kudikira alendo.

Bzalani madzulo kapena kukakhala mitambo. Thirirani mbande m'machubu m'mawa wake, ndipo ponyamula gwirani chubu, osati tsinde. Fukulani pakati pa dzenje molingana ndi msinkhu wa chubu. Dulani chubu ndi lezala kuchokera pamwamba mpaka pansi, muchichotse chonse osaphwanya dothi. Mizu yopindikira pansi iduleni ndi mpeni. Ikani mbande mowongoka, dothi la m'chubu lilingane ndi nthaka ya pamalopo. Kwirirani, tsinderani ndi phazi mozungulira, n'kuthira ndowa imodzi ngakhale kukuoneka kuti kugwa mvula. Mwini mtengo ndiye abzale ndi manja ake, ena azingothandiza. Machubu onse atoledwe.

Chenjezo: kukwirira tsinde mozama kumaliwoletsa. Pa dothi la makande, lomwe limasunga madzi, mbande ikhale pokwera pang'ono kuti isamire m'dzinja.

Mbande yaitali yopepera iikireni kamtengo kochirikiza, mumange ndi mphira molekerera kuti izitha kugwedezeka ndi mphepo. Waya kapena chingwe cha nayiloni chimadya khungwa. Pakatha chaka masulani.

Kuyambira Meyi mpaka Novembala

9. Apa ndiye pagona ntchito. Mvula ikamatha, palirani mita imodzi mozungulira mtengo, konzani kabeseni kosunga madzi, ndipo phimbirani ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza mokhuthala ngati chikhatho. Zophimbirazo zisakhudze tsinde. Siyani mpata wa zala zinayi, apo ayi chiswe chidzachoka pa udzu n'kukwera mtengo.

Thirirani malita 20 kamodzi pa sabata m'miyezi yozizira, kawiri pa sabata kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, m'mawa kapena madzulo. Ndowa yathunthu nthawi imodzi imaposa kapu tsiku lililonse, chifukwa madzi ochepa amangonyowetsa pamwamba ndipo mizu imatsatira pomwepo m'malo mozama. Komwe madzi ndi ovuta, boolani timabowo pansi pa botolo la malita 2 kapena 5, likwirireni pambali pa mbande kukamwa kuli kunja, muzidzaza. Madzi otsukuluzira mbale kapena zovala angagwire ntchito, koma osati okhala ndi jiki, mchere kapena mafuta a galimoto.

Chiswe chimakonda mtengo wofooka ndi ludzu, choncho kuthirira ndiko mankhwala oyamba. Mukaona dothi lake likukwera tsinde, likokoloreni n'kuwaza phulusa mozungulira. Chikapitirira, funsani alangizi a zankhalango kapena a zaulimi musanagule mankhwala, popeza pamsewu pamasewera ana ndipo pamadya nkhuku.

Pambali pa ludzu ndi chiswe, mdani wachitatu ndi moto. M'tauni umachokera pa zinyalala zomwe anthu amasesera patsinde n'kuyatsa, ndi kwa osaka mbewa m'mphepete mwa tauni. Mtengo waung'ono sufunika kupsa wonse kuti ufe. Khungwa likangowauka mozungulira, watha. Lambulani udzu mamita awiri kuzungulira mpanda Juni asanathe, ndipo gwirizanani ndi komiti ya msika za malo otayira zinyalala kutali ndi mzere wa mitengo.

Anthu awiri a m'komiti aziyenda mzere wonse kamodzi pa masabata awiri ndi kope m'manja. Mpanda wophwasuka ukonzedwe tsiku lomwelo. Mwini mtengo akasamuka kapena akadwala, pezani wina sabata yomweyo. Nkhani ya mbuzi zongoyendayenda ndi yovuta chifukwa m'chilimwe ziweto zimamasulidwa, ndipo eni ake ndi anansi athu. Ikambidwe pa msonkhano wa amfumu mitengo isanabzalidwe, pagwirizanidwe chochita mbuzi ikaphwanya mpanda, kuti pasadzakhale kulozana zala zinthu zitaonongeka kale.

Chaka chachiwiri ndi chachitatu

10. Mvula ikabwerera, werengani yamoyo ndi yakufa, ndipo pa uliwonse wakufa lembani chomwe chinaupha musanabwezeretse. Ngati ndi madzi odikha kapena thanthwe pansi, sunthani dzenje. Mzere watsopano uyambike pokhapokha wakalewo utadzaza. M'chilimwe chachiwiri kuthirira kungachepe, koma mpanda ukhalebe mpaka nsonga itatalika kuposa pomwe mbuzi ingafike ndipo khungwa litakhwima, chifukwa mbuzi zimasendanso makungwa.

11. Dulirani kuti mtengo ukwere ndi thunthu limodzi. Pakaphuka nsonga ziwiri zolimbirana, siyani yowongoka. Nthambi zam'munsi zichotsedwe pang'onopang'ono chaka ndi chaka, mpaka munthu wosenza katundu pamutu azidutsa pansi pake momasuka. Mbali ya msewu zikwere kuposa apo chifukwa cha malole. Gwiritsani sowo, osati chikwanje, ndipo dulani pafupi ndi thunthu osasenda khungwa lake komanso osasiya chitsa chachitali. Musachotse masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu nthawi imodzi. Nthambi zodulazo apatseni eni mitengo zikhale nkhuni zawo.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Choyamba ndi kuwerenga chipambano pa tsiku lobzala. Lipoti lopita ku khonsolo kapena kwa amene anakuthandizani linene mitengo yomwe ili moyo mu Novembala, osati mbande zomwe zinatsitsidwa pagalimoto mu Januwale.

China ndi kubzala ndi chubu chomwe, kapena kungoboola pansi pake. Izi zimachitika anthu akachuluka ndipo akuthamangira kumaliza. Mtengowo umaoneka bwino miyezi ingapo, kenako umaima kukula chifukwa mizu yazungulira m'pulasitiki. Musanagawe mbande, mmodzi abzale umodzi onse akuona.

Ndalama zonse kuthera pa mwambo, zakumwa ndi malaya olembedwa, mipanda n'kusowa chogulira, ndi vuto lomwe limapha magulu ambiri a zolinga zabwino. Gulani nsungwi ndi luzi kaye, ndipo msungichuma asunge kena kokonzera mipanda mu Ogasiti.

Kusiyira ana a sukulu mitengo ya kutali ndi sukulu yawo kumalephereka pa tchuthi chachitali, chomwe chimagwa m'chilimwe. Apatseni ya pafupi, ndipo pa tchuthi pakhale mlonda kapena kholo lodziwika lothirira.

Mitengo ikakula pamabwera zina: kukhoma misomali ya zikwangwani pathunthu, kumangirira mbuzi ndi ng'ombe, kusenda makungwa a mbawa kapena nimu kuti akhale mankhwala, kuyatsa mbaula ya chipisi patsinde, ndi kuwaka simenti mpaka kukhudza thunthu. Amene akufuna kuwaka khonde kapena benchi pansi pa mtengo asiye bwalo la dothi la mita imodzi mbali zonse, kuti madzi a mvula azilowa.